Mpando Woyang'ana Kumbuyo

Ukaputeni wake unali wa boti la mipando isanu, koma dzina loti Kaputeni linamumatirira mpaka imvi. Anamupatsa ndi anyamata otsuka magalimoto pa kalabu ya m'mbali mwa damu, pomuseka chifukwa cha chipewa choyera chimene bwana wina anamusiyira, ndipo iye, posadziwa kukwiya, anangoyamba kuvomera akamaitanidwa. Ntchito yake inali yokoka anthu olemera pamadzi. Munthu ankavala timatabwa tiwiri kumapazi n'kugwira chingwe chomangidwa kuboti, Kaputeni n'kukankha moto, munthu uja n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi mano ali pamtunda. Ena ankatha ndithu, koma ambiri ankangobwera kudzamwa damu.

Woyendetsa boti lotere saloledwa kucheuka. Maso ake ndi a kutsogolo, kumene kuli maboti ena, zitsa ndi ana osambira. Za kumbuyo amamuonera munthu wina wokhala kumanzere kwake, pampando wofulatira kumene boti likupita. Tsiku limene galasi loonera kumbuyo linasweka, pampando umenewo anakhazikapo mtsikana wogulitsa zakumwa pa kalabupo, kuti agwirizire kaye. Galasi latsopano silinabwere mpaka lero. Mtsikana uja anthu anayamba kumutchula kuti Galasi, Kaputeni anamukwatira, ndipo a pakamwa ankati mkuluyu anaona kuti kukwatira n'kwapafupi kusiyana ndi kudikira abwana kuti agule chinthu.

Injini inali pakati pa boti, ndipo inkasokosera moti ngakhale wina akuwe, mnzake ankangoona pakamwa pakuyenda. Tsono Galasi ankalankhula ndi dzanja lamanzere, lomwe linali pafupi ndi phewa la mwamuna wake. Dzanja likangokhala phee paphewapo, ndiye kuti kumbuyo kuli bwino, pitirira. Zala zikagogoda kawiri, onjezera moto. Zikafinya, chepetsa. Koma mbama ya paphewa inali ndi tanthauzo limodzi basi: munthu wagwa, tembenuka ukamutole. Kaputeni akachedwa kutembenuka, mwina popatsa njira boti lina, mbama yachiwiri inkabwera yoposa yoyamba, ndipo imeneyo ankaimva mpaka pogona.

Ukwati wawo unakulira m'menemo. Kunyumba sanali anthu a nkhani zambiri, chifukwa zofunika anali atauzana kale masana. Mwana anabadwa mmodzi yekha, wamkazi, amene anadziwa kusambira asanadziwe kumanga zingwe za nsapato, ndipo ankamuti Kansomba. Madzulo alendo akachepa ankamulola kugwira chingwe, ndipo mwanayo anakula akuona makolo ake kuchokera kumapeto a chingwecho: msana wa bambo, nkhope ya mayi, dzanja pakati pawo. Akagwa n'kuvuuka akulavula madzi, choyamba kuona chinali dzanja la mayi wake likutsika paphewa, kenako boti likukhota kumubwerera.

Zaka zinapita, kalabu inagula maboti atsopano a magalasi akuluakulu ndi anyamata oyendetsa atavala magalasi enanso kumaso. Boti lakale analipereka kwa Kaputeni ngati mphatso yotsanzikira. Panali kuwomba m'manja kwambiri tsiku limenelo, ngakhale aliyense ankadziwa kuti abwana apeza pokataya chinthu chawo. Analikokera kunyumba pa ngolo yake, n'kuliimika pabwalo pansi pa mtengo wa mapeyala, n'kulifunda tenti. Tenti inang'ambika, mvula inalowa, nkhuku zinapezamo poikira mazira.

Tsoka silinunkha. M'mawa wina Galasi akuthira tiyi, kapu inamupulumuka, ndipo atafuna kunena kuti yagwa, pakamwa panakana. Kuchipatala anati ndi sitiroko. Inamulanda mbali yonse yakumanja ndi mawu omwe. Anabwerera kunyumba pa chikuku cha odwala ali ndi liwu limodzi lokha limene linatsalira m'kamwa: chabwino. Akamva ludzu, chabwino. Akamva kuwawa, chabwino. Mayi amene kale ankatha kubweza wogulitsa nsomba ndi diso lokha, tsopano ankavomera chilichonse.

Abale anabwera kudzazonda, akazi n'kumalira pabalaza, amuna n'kumapukusa mitu. Kaputeni ankawaphikira tiyi. Iyenso ankayembekeza kuti chisoni chimupeza monga chimapezera anthu onse, ndipo anachidikira ndithu, koma sichinabwere. Mumtima mwake munali zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali: ukuuona kuti ndi wako, koma ukaugwira sukumva kanthu. Anachita nazo manyazi, choncho sanauze munthu.

Kusamala kokha ankasamala, osapereweza. Ankamutembenuza pabedi kuti asachite zilonda, kumusambitsa, kumupesa, kumuwongola zala za dzanja lakufalo monga anamuonetsera kuchipatala, kumumwetsa supu ndi supuni yaing'ono. Chovuta chinali nkhope. Wodyetsa mnzake amakhala naye maso ndi maso, ndipo anthu awiriwa, amene anakalamba atagundanitsa mapewa wina kuyang'ana uku wina uko, sankadziwa kumene angaike maso awo. Galasi ankayang'ana khoma. Kaputeni ankayang'ana supuni.

Tsiku lina zochapa zinachuluka, poyanika panachepa. Kaputeni anakwera m'boti kuti amange chingwe china pa chitsulo chapakati chija ankamangapo chingwe cha otsetsereka. Atangoponda, pansi panabooka, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo. Anausolola. Pamsongolo panali chilonda chachitali, magazi akutsikira m'patapata. Anaima n'kumayang'ana magaziwo, kudikira ululu, koma nawonso unangobwera pang'ono ngati wa munthu wina. Kenako anawerama, n'kugwira m'mphepete mwa bowolo, n'kukoka. Thabwa linabwera m'manja ngati buledi wonyowa. Anakokanso. Pamene dzuwa linkafika paliwombo, zochapa zinali zikadali m'beseni, ndipo theka la pansi pa boti linali mulu pabwalo.

Akanafunsidwa kuti akulikonzeranji, yankho analibe. Galimoto yokokera boti kudamu analibe, ofuna kukokedwa analibe, womuonera kumbuyo analibe. Manja okha ndi amene anali atapeza chochita, iye n'kumangowatsatira.

Boti limaola kuchokera m'kati, kunja likadali kunyezimira. Pansi pa kapeti panali matabwa a pulayiwudi, pansi pa matabwawo panali siponji yolimba yothandiza boti kuyandama, ndipo siponjiyo inali itamwa mvula ya zaka zonse zija. Anaifukula ndi fosholo n'kumaituta pa wilibala, ikununkha chithaphwi. Pansi penipeni panali mitanda iwiri yaitali, yochokera kutsogolo mpaka kumbuyo, imene imanyamula injini ndi pansi ponse. Kunja kwake inali yokutidwa ndi faiba, nsalu youmitsidwa ndi mankhwala, yolimba bwinobwino, koma atabaya ndi chitsulo, m'kati munatuluka zinyenyeswa zakuda zokhazokha. Asanaidule anapingasa matabwa pamwamba pa boti n'kuwamanga zolimba, chifukwa boti lochotsedwa mitanda limayasama, ndipo likayasama silibwereranso mwakale.

Kenako inabwera nyengo ya gilayinda, makina opalira aja olira ngati nkhumba yogwidwa mwendo. Fumbi la faiba limayabwa kuposa chitedze. Limalowa m'khosi, m'khwapa, pakati pa zala, ndipo ukati usambe madzi otentha ndiye waliputa. Kaputeni ankatuluka m'botimo ali mbuu, nsidze zoyera, koma osadzikanda ngakhale kamodzi. Mnansi wake wowotcherera zitsulo, munthu wa pakamwa posatseka, ankasuzumira pampanda.

"A Kaputeni, kodi mwamva zoti kukubwera chigumula? Mutiuzeko msanga, nafenso tisonkhanitse mbuzi."

Kaputeni ankangoti eya, n'kuyatsanso makina.

Pansi patsopano anayamba wajambula pa makatoni, kenako n'kudula pulayiwudi motsatira makatoniwo. Thabwa lililonse analipaka rezini mbali zonse, makamaka m'mphepete momwe thabwa limamwera madzi. Rezini ndi mankhwala onanda ngati uchi. Ukangothiramo madontho a choumitsa, wayamba mpikisano, pakuti pakapita kanthawi amatentha m'chitini n'kuuma gwa, burashi ili momwemo. Ukayala nsalu ya faiba n'kuyamba kuinyowetsa ndi rezini, sungaisiye pakati. Ikauma theka, mawa lake ndi gilayinda ndi fumbi lija kuyambiranso.

Analinso ndi lamulo lake, limene kale ankalalikira pa kalabu mpaka anthu kumuthawa: boti silifa ndi mafunde, limafa ndi bowo la bawuti. Madzi amatsata bawuti, n'kulowa m'thabwa, n'kuyamba kudya mwakachetechete. Choncho bowo lililonse ankaboola lalikulu, kulidzaza rezini, kudikira kuti aume, kenako n'kuboolanso laling'ono pakati pa reziniyo kuti chitsulo chisakhudze thabwa. Bowo limodzi linkamudyera masiku. Bowo losafunika pansi patsopano linali kwa iye tchimo lalikulu kuposa ambiri amene amatchulidwa m'mapemphero.

Popita kuboti ankamukhazika Galasi pafupi ndi zenera n'kumusiyira supuni ndi kapu yachitsulo kudzanja lamanzere, kuti akafuna kanthu azigogoda. Zinkayenda bwino ndithu, kufikira Loweruka lina pamene Kansomba anafika osanena. Kansomba tsopano anali mayi wa ofesi mumzinda waukulu, wa nsapato zogogoda ndi galimoto yake, ndipo dzina lakalelo ankalimva kwa makolo ake okha. Tsiku limenelo Kaputeni anali pakati ponyowetsa nsalu yaikulu ya kumbuyo kwa injini pamene supuni inayamba kulira m'nyumba. Anati mumtima ndikubwera, n'kupitiriza ndi burashi. Supuni inalira, inalira, kenako inasiya. Kansomba anapeza mayi wake atapendekera mbali yakufa ija, zovala zitanyowa, kapu ili pansi.

Anayamba wawasambitsa n'kuwasintha, kenako anatuluka n'kukaima pafupi ndi boti.

"Abambo, supuni munaimva?"

"Ndinaimva."

"Ndiye?"

"Rezini anali atayamba kugwira."

Kansomba anamuyang'ana nthawi yaitali, kudikira kuti mwina akwiya, mwina achita manyazi, mwina anama. Akanakonda mkangano. Koma bambo wake anangoima ndi magolovesi omata, nkhope ili bwinobwino ngati ya munthu woyembekeza basi, ndipo zimenezi ndi zimene zinamuliza mwanayo.

Madzulo ake ananena zimene anabwera nazo kale mumtima. Kwake kunali chipinda chapansi chopanda masitepe, wantchito wodziwa kusamala odwala, chipatala pafupi. Kuno kunali bambo wokalamba wa msana wodandaula, ndi nyumba yonunkha mankhwala mpaka m'mapilo. Mayi apite akakhale naye. Kaputeni anamvetsera zonse ndipo sanapezemo cholakwika. Anadziwa kuti chikunenedwa apa n'chakuti mkazi amene anakhala naye moyo wake wonse achoke pakhomopo osadzabwereranso, ndipo anafufuza mumtima mwake ngati munthu wofufuza makiyi m'matumba, koma sanapezemo kanthu koti n'kutulutsa.

Kansomba anagwada patsogolo pa chikuku.

"Amayi, tipite kwathu mukakhale ndi ine?"

"Chabwino."

Pokhala munthu wachilungamo, anafunsanso. "Kapena mutsale ndi abambo?"

"Chabwino," anatero Galasi, maso ali kukhoma.

Kaputeni anapempha chinthu chimodzi chokha, choti amalize kaye khonde. Khonde ndi dzina limene a pa kalabu ankatchula kathandala ka matabwa ka kumbuyo kwa boti, kotsika mpaka pafupi ndi madzi, pamene munthu amakhala povala timatabwa tija ndi pamene amakwerera akamutola. Kansomba anaseka kuseka kopanda mano. Anati chipinda chikufunika kupenta ndi kuika zogwirira m'bafa, ndiye abambo amalize khonde lawolo m'masiku omwewo.

Matabwa a khonde anali a mtengo wolimba, otuwa ndi dzuwa, ena ong'aluka. Anawamasula onse. Ong'aluka anasema ena m'malo mwake, otsalawo anawapala mpaka kufiira kwakale kunatulukanso, n'kuwamwetsa mafuta kangapo. Zitsulo zonyamula khonde zinali zitadyeka ndi dzimbiri, ndipo mnansi uja anawotcherera zina, akufunsabe za mbuzi zake. Pakhonde limeneli ndi pamene Kansomba ankakhala ali wamng'ono, mano akugwedera ndi kuzizidwa, akukana kutuluka m'madzi. Ndi pamenenso Galasi ankaviika mapazi nthawi yopuma masana, akudya chala chili m'mwamba kuloza zolakwa za oyendetsa maboti ena. Kaputeni ankakumbukira zonsezi bwinobwino, monga munthu amakumbukira nkhani imene anauzidwa.

Unatsala mpando wa Galasi. Anaupereka kwa wosoka mipando ya magalimoto, unabwera wofewa, wonunkhira chikopa chatsopano. Ataunyamula kuti alembe poboola, ganizo linamubwerera. Munthu wodwala sangayende chafutambuyo, angachite chizungulire. Komanso mayi ameneyu moyo wake wonse ankangoona kumene achokera, thovu ndi anthu akugwa. Aoneko kamodzi kumene akupita. Anautembenuza mpandowo kuti uyang'ane kutsogolo, ndipo pakhoma la boti, pafupi ndi dzanja lamanzere lamoyolo, anamangapo chogwirira chonyezimira. Linali ganizo loyamba m'miyezi yonseyo limene linkafanako ndi chikondi, ndipo analigwira ndi manja awiri. Amati safunsa anadya phula, koma apa akanafunsa ndani, yankho lake lili chabwino? Anaboola mabowo ake, anawadzaza rezini, anadikira, anaboolanso, n'kumanga mpando kuti usadzasunthenso.

Tsiku loyesa anaitana wowotcherera uja kuti amuthandize kunyamula. Boti linali pa ngolo pomwepo pansi pa mtengo, koma linali boti tsopano: pansi polimba poti n'kuvinapo, kapeti yatsopano, khonde likunyezimira mafuta. Anamukweza Galasi mosamala n'kumukhazika pampando. Kaputeni anakhala pachiwongolero. Kutsogolo kwawo kunali mpanda ndi khola la nkhuku.

Dzanja lamanzere la Galasi linadzuka n'kuyamba kufufuza. Linapeza chogwirira chija, linachigwira, linachisiya. Linafufuzanso pakhoma la boti, m'mwamba, m'munsi. Kenako mayiyo anayamba kupotoza khosi, kukankha pansi ndi mwendo wamoyo, kupuma mwabefu.

"Chabwino. Chabwino. Chabwino."

Liwulo linali lomwe lija, koma mawu ake Kaputeni anali asanawamvepo, ndipo misozi inkatsika mbali zonse ziwiri za nkhope, yamoyo ndi yakufa yomwe. Wowotcherera, kwa nthawi yoyamba chibadwire, anasowa nthabwala.

"Tiwatsitse, a Kaputeni," anatero motsitsa. "Sakufuna."

Anamutsitsa. Kaputeni anaona kuti nkhani yamveka: boti sakulifuna, ndipo mwina mwini boti yemwe. Masana omwewo anaimbira mwana wake foni n'kumuuza kuti abwere adzawatenge amayi ake. Atatero anadya, anatsuka mbale, anakolopa pabalaza. Tulo tinabwera tabwinobwino, ndipo m'mawa mwake chimene chinamuopsa pang'ono chinali tulo timeneto.

Kansomba anafika m'mawa wa tsiku limene anagwirizana. Analongedza zovala, mankhwala, mapilo, ndi kapu yachitsulo ija. Chikuku chinayenera kupindidwa n'kulowa choyamba kubuti kwa galimoto, zikwama zibwere pamwamba pake, ndiye mayi anafunika pokhala podikira. Mipando ya m'khitchini inali kutali ndi galimoto, pamene khonde la boti linali pomwepo pamthunzi, msinkhu wake wa mpando ndendende. Kaputeni anamunyamula mkazi wake n'kumukhazika pakhondepo, msana utatsamira boti, pilo kumbali yakufa ija. Munthu wokhala pakhonde amafulatira boti, palibe kuchitira mwina.

Anali atakonza mawu otsanzika, mawu abwinobwino a munthu wamkulu. Anaima patsogolo pake kuti awanene. Galasi anayang'ana kumpanda. Mawu aja anauma ngati rezini woiwalika m'chitini. Posowa kolozetsa maso, Kaputeni anatulutsa sipanala m'thumba, n'kugwada pansi kumanzere kwa mkazi wake, nkhope kuboti, n'kuyamba kulimbitsa mabawuti a khonde amene anali olimba kale.

Kansomba analiza galimoto n'kuibweza chafutambuyo kuti ifike pafupi, mayi asanyamulidwe mtunda wautali. Anaiimika kumbuyo kwa boti, injini ikulirabe, n'kutuluka kudzatsegula chitseko.

Pamenepo dzanja linatera paphewa la Kaputeni.

Silinafufuze. Linangofika pamalo pake penipeni, pakati pa khosi ndi fupa, n'kukhala phee, lolemera monga kale. Madzi saiwala khwawa. Sipanala inaima. Kaputeni sanacheuke, chifukwa woyendetsa sacheuka, koma anaona zonse nthawi imodzi: injini ikulira, iye wayang'ana kutsogolo, mkazi wake wayang'ana kumbuyo, dzanja lili pakati. Tsiku lija m'boti dzanjali silinkafuna chogwirira chonyezimira. Linkafuna phewa, ndipo iye ndi nzeru zake anali atalipititsa phewalo kumbali yakufa, n'kumanga ndi mabawuti.

Dzanja linadzuka. Linatsika ndi mbama.

Pachingwe panalibe munthu, chingwe chomwe panalibe, koma mbama imeneyo inalibe tanthauzo lina. Kaputeni anakhala chigwadire. Kansomba anali chiimire kumbuyo kwa boti, chitseko cha galimoto chili m'manja, pamalo pomwe ankaonera makolo ake ali mwana.

"Akuti tibwerere," anatero Kaputeni, akuyang'anabe boti.

"Abambo, dzanja limatha kungodumpha lokha. Adokotala ananena."

Kaputeni sanatembenuke. Galimoto inkalirabe. Ndiye mbama yachiwiri inabwera, ija ya munthu wochedwa kutembenuka, yoposa yoyamba. Inamveka mpaka kumpanda, nkhuku zinabalalika. Inawawa. Inawawa zenizeni, kuchokera paphewa kutsika m'chifuwa mpaka m'mimba, ndipo pamodzi ndi ululuwo panabwera mantha aakulu, akuti akanamulola kupita, akanatsuka mbale n'kugona bwino. Kaputeni anatsamiritsa chipumi pa boti. Mapewa ake anayamba kugwedezeka, ndipo dzanja lija linabwerera pamalo pake n'kugwedezeka nawo limodzi.

Kansomba anali atamwa madzi a damu okwanira kuti adziwe mbama yachiwiri. Anayang'ana mayi wake, ndipo mayiyo sanathawitse maso. Anamuyang'ana mwana wake ndi diso lija la kale, lowerenga ngati munthu wa kuchingwe ali bwino. Kansomba analowetsa mkono m'galimoto n'kuzimitsa injini. Anatsitsa zikwama chimodzichimodzi kuti afikire chikuku.

Sanagonje chabe, mwana wa mayi wake ameneyu. Anati wantchito uja abwera kuno, ndipo chitini cha rezini sichidzatsegulidwanso pakhomopo popanda munthu wina m'nyumba. Anati zikadzachitikanso za supuni zija, sadzafunsa munthu. Kaputeni anavomera zonse ndi mutu, akupukuta nkhope ndi mkono wa malaya.

Kenako anapita kukatenga choboolera. Anakwera m'boti, anamasula mabawuti a mpando, anachotsa chogwirira chonyezimira chija n'kuchiponya pa udzu. Anautembenuza mpandowo kuti uyang'ane kumene unkayang'ana kale, n'kulemba ndi pensulo poboola. Mabowo akale anatsala poyera pa kapeti yatsopano, oyang'ana kumwamba, tchimo lenileni. Wowotcherera anasuzumira pampanda kufunsa ngati a Kaputeni apenga, kuboola pansi pamene angomaliza kumene.

"Chabwino," anayankha Galasi kuchokera pakhonde.

Kaputeni anaika choboolera pachizindikiro choyamba n'kukanikiza. Phewa linkamuwawabe, ndipo sanalisisite.